Sewero la banja la ngongole: ana akufuna kujambula, akuluakulu mukuti bwanji?

Tiyamike (Mufakose): Mwaswera bwanji makolo ndi abale nonse pagulu pano. Ndapempha chilolezo kwa a admin kuti ndibweretse nkhani yomwe si ya maliro kapena ya zopereka za pamwezi. Ine ndi achimwene Dalitso ndi anzathu ena a kwaya tikulemba sewero lanthabwala, la zigawozigawo ngati aja a pa TV, chigawo chilichonse mphindi 15. Tiyamba kuliponya pa YouTube ndi pa Facebook, likakoma tidzakagogoda ku ZBC, TV ya boma la Zimbabwe, kapena ku nyumba za TV zatsopanozi, 3Ktv ndi ZTN. Nkhani yake ndi ya banja lachimalawi la muno mu Harare lomwe lamira mu ngongole. Tisanajambule tikufuna timve maganizo anu, chifukwa nkhope zomwe zidzaonekemo ndi za ana anu.

Anabanda (Highfield): Tafotokoza bwino mwana wanga. Banja lake lotani?

Tiyamike (Mufakose): Nyumba ndi ya zipinda zinayi, zija zakale za khonsolo. Bambo anawachotsa ntchito ku fakitale ku Workington koma sanauze aliyense. M'mawa uliwonse amapukuta nsapato, kuvala jekete, n'kutuluka. Amakakhala pa benchi kwa mnzawo wometa tsitsi mpaka dzuwa litapendeka. Mayi ndi msungichuma wa chipeleganyu cha amayi a kumpingo, ndipo anatapamo kulipirira mwana mayeso, poganiza kuti adzabweza bambo akalandira bonasi. Mwana wamwamuna anatenga katapila n'kugula kagalimoto ka mushikashika, konyamula anthu popanda chilolezo, kanayenda masabata ochepa, pano kali pa njerwa kuseri, nkhuku zikuikiramo mazira. Mwana wamkazi ali ku Cape Town, onse amamuyesa banki, osadziwa kuti nayenso zomwe amatumizazo amachita kukongola. Malume anabwera kuchokera ku Dedza kudzakhuza maliro, anati akhala sabata imodzi, pano chaka chachiwiri.

Ndiye pali loja, mnyamata wosintha ndalama m'tauni, amagona kachipinda kakuseri. Bambo, mayi, mwana ndi malume, aliyense anapita yekha usiku kukakongola kwa lojayo n'kumulumbiritsa kuti asauze ena. Ndipo onse anayi anapereka chikole chimodzi, TV ya pabalaza.

Dalitso (Budiriro): Chigawo choyamba chikuyamba onse akudya nsima akuonera mpira. Loja akulowa osaodira, akutenga rimoti patebulo, akusintha n'kuika nkhani za bizinesi. Palibe akuyankhula. Bambo akuyang'ana mayi, kudabwa kuti lero bwanji sakukalipa. Mayi akuyang'ana bambo. Malume akungoti, "Nkhani n'zofunikanso, mpira sudyetsa." Kenaka mayi akumupakulira lojayo ntchafu ya nkhuku yomwe inali ya bambo.

Bambo a Kondwani (Dzivarasekwa): Hahaha, ayi ana inu mwandipweteka nthiti. Malume ameneyo ndikumudziwa, ali m'makomo ambiri muno.

Chisomo (Glen Norah): Ine ndaonera kale m'mutu. Jambulani msanga!

Agogo Phiri (Mbare): Ndikulembetsa mdzukulu, maso anga foni sagwirizana nayo. Ana anga, ine sindinaseke. Ndinalowa m'dziko muno nthawi ya chitaganya, ndili mnyamata, ndinagwira m'madimba a azungu ku Highlands ndi ku Avondale zaka zambiri. Kuchokera nthawi imeneyo Mmalawi akaoneka m'sewero, kaya pa wailesi kaya pa TV, amakhala wa m'dimba kapena khukhi, woyankhula Chishona chopindika, anthu n'kumafa ndi phwete. Atinena mabhurandaya, atinena manyasarandi, andale ena mpaka anatinena pamsonkhano kuti ndife anthu opanda chiwongo. Lero inu eni ake mukufuna muwapatse nkhani ina, yoti Amalawi ndi angongole, akuba ndalama za mpingo? Zam'nyumba sizitulutsidwa pabwalo. Ganizani kawiri.

Tiyamike (Mufakose): Agogo, ndamva ndipo sindikutsutsa zomwe munaona. Ifenso kusukulu atiseka nazo zomwezo. Koma n'chifukwa chake tikufuna kulemba tokha. M'masewero amene mukunenawo Mmalawi amalowa mphindi ziwiri, amusekere kayankhulidwe, atuluke. Alibe mkazi, alibe ana, alibe pabalaza pake. M'sewero lathu nyumba ndi yake, nkhani ndi yake, Chichewa chake ndi chowongoka. Munthu akaseka adzaseka chifukwa waona bambo ake omwe, kaya ndi Mshona, kaya ndi Mndebele.

Agogo Phiri (Mbare): Wosekayo sadzasiyanitsa. Adzangoti taonani achimwene aja.

Mayi Nkhoma (Kuwadzana): Bambo Phiri, mundilole ndiyankhepo mwaulemu. Tonse tinakula tikuonera Mukadota pa ZBC zaka za m'ma 1980. Safirio Madzikatire ndi Susan Chenjerai ankaonetsa banja lokhalira kukangana, bambo wachinyengo, wa mapulani osatha. Kodi alipo anati Ashona onse ndi otero? Anthu ankathamangira kwa neba yemwe anali ndi TV, ana kukhala pansi mpaka pakhomo, chifukwa ankadziona okha. Kumudzi nako Izeki ndi Jakobo ankaseketsa dziko lonse ndi umphawi womwewu. Chimene chimapweteka ndi kusekedwa ndi munthu yemwe sakudziwa. Wakwanu akakuseka amadziwa polekezera.

Che Yusufu (Mabvuku): Ine mbali imodzi ndili ndi a Phiri. Ashona muno ndi ambiri, sewero limodzi silingawadetse. Ife ndife ochepa, ndipo ambiri mwa ife zitupa zathu zinakhala ndi chilembo cha "A", chosonyeza kuti ndife alendo, zaka ndi zaka, mpaka malamulo a 2013 anazindikira kuti wobadwira muno kwa kholo la m'maiko a SADC ndi nzika. Chilonda chimenecho sichinapole kwa aliyense. Komabe sindikuti musajambule. Ndikuti pasakhale chigawo chomwe munthu wa kunja kwa mtundu wathu akubwera kudzatiphunzitsa nzeru.

Dalitso (Budiriro): Zimenezo mulibe, che Yusufu. Neba wawo ndi mayi wachishona, nayenso ali ndi zake. Furiji ya banjali imagona kwa iye masherifu olanda katundu wa angongole akamveka, sofa yake imagona kwa iwo.

Anabanda (Highfield): Apo ndiye ndiyankhule. Tiyamike, zoti katundu akudumphitsidwa mpanda usiku zimaseketsa ukamazimva. Ine ndinaziona masana dzuwa likuswa mtengo. Mnzanga yemwe tinkagulitsa naye kaunjika ku Mupedzanhamo anatenga katapila kuti agule mabelo awiri. Belo limodzi linatuluka sanza zokhazokha, majekete ong'ambika ndi makatani. Patangopita miyezi ingapo anyamata atatu anafika ndi lole yaing'ono. Anatulutsa sitovu mphika wa nyemba uli pomwepo, anachita kuutsitsa pansi pakhonde ukuwira. Mwana wake wa giredi 3 anagwira mwendo wa tebulo akulira kuti ndilembera pati homuweki. Msewu wonse unali pamipanda kuonerera. Mayi ameneyo sanapitenso kutchalitchi chaka chathunthu, ndipo shuga anamuyamba nthawi yomweyo. Ndiye mukamalemba, muzidziwa kuti ena odzaonera anatsitsidwapo mphika.

Tiyamike (Mufakose): Amayi, zikomo potiuza. Chigawo chimenecho sitikufuna anthu aseke mayiyo. Tikufuna aseke mpaka pomwe lole ikuima pageti, kenaka kuseka kuwathere m'kamwa. Ine ndikukhulupirira kuti chomwe chikupha banja lathuli si ngongole yokha, koma kubisirana. Bambo akanati anene tsiku loyamba kuti ntchito yatha, mayi sakanatapa za chipeleganyu podalira bonasi. Mwana wa ku Cape Town akanati anene kuti zandivuta, mchimwene wake sakanagula galimoto poyembekezera kuti achemwali athandiza. Aliyense akukongola kuti ateteze ulemu wake pamaso pa anthu omwe amagona nawo nyumba imodzi. Chosekacho ndi chimenecho, jekete ndi nsapato zopukuta, osati njala.

Anabanda (Highfield): Ngati ndi choncho ndiye mwayamba kuganiza. Koma mayi wa chipeleganyuyo musamupange wakuba. Amayi ambiri amene amatapa ndalama za gulu sagulira mawigi. Amalipira fizi, amagula mankhwala a BP a apongozi.

Limbani (Waterfalls): Pepani ndalowa mochedwa, ndinali kuntchito. Ine ndimagwira ukalaliki mu ofesi ya maloya, ndiye ndikupempha chinthu chimodzi: zamalamulo muzilembe zoona, chifukwa anthu amakhulupirira za pa TV kuposa za m'mabuku. Anyamata amene afotokoza amayi Anabanda aja, ngati analibe pepala la khoti, zomwe anachitazo n'zosaloledwa. Wakatapila alibe mphamvu yolowa m'nyumba ya munthu n'kunyamula sitovu. Amayenera akasume. Khoti la majisitireti likagamula, amene amabwera ndi Messenger of Court, ikakhala High Court amabwera ndi Sheriff. Amayamba walemba katundu, sanyamula mwachiwembu ngati akuba. Ndipo bedi, zofunda ndi zovala zofunika pamoyo wa banja lamulo limaziteteza.

Limbani (Waterfalls): Chachiwiri, pali lamulo lomwe maloya amalitcha in duplum. Chiwongoladzanja chosalipidwa chikafika pofanana ndi ndalama yomwe yatsala pa ngongole yeniyeniyo, chimaima pomwepo. Munakongola madola 100, simunabweze kalikonse, munthu sangabwere n'kumati pano yakwana 600 chifukwa miyezi yapita. Ndipo wokongoza ndalama ngati bizinesi amayenera kukhala ndi laisensi. Ambiri a m'makwalalamu alibe, n'chifukwa chake amakonda kuopseza kusiyana ndi kupita kukhoti.

Chisomo (Glen Norah): Achimwene Limbani, izi bwanji simunatiuze kale? Anthu akulipira 30 pa 100 iliyonse mwezi ndi mwezi, ena mpaka kusiya khadi la kubanki ndi nambala yachinsinsi m'manja mwa wakatapila.

Limbani (Waterfalls): Achemwali, amene ali m'ngongole safunsa, amaopa kuti pofunsapo adziwika. Amabwera kuofesi katundu atapita kale. Sewero lingafike komwe ife sitifika.

Dalitso (Budiriro): Ndiye malume aja tiwapatse ntchito. Tsiku lonse amangokhala pakhonde kuwerenga nyuzipepala zakale zokulungira tomato. Akhale iwo amene akudziwa lamulo limeneli, adzalitulutse tsiku lomwe aliyense wasowa chonena.

Mayi Nkhoma (Kuwadzana): Eya, zimenezo zikhala bwino. Munthu yemwe banja lonse limamuyesa katundu ndiye awombole nyumba, koma kamodzi kokha, asasanduke loya wa m'sewero.

Bambo a Kondwani (Dzivarasekwa): Ine ndaseka poyamba paja, koma ndili ndi dandaulo. Nonse mukumvera chisoni wokongola. Nanga wokongoza? Ine ndimakhoma mipando ku Glen View Area 8. Mu 2018 munthu wina, wakwathu ndithu, timapemphera limodzi, anatenga masofa ndi mawadirobu a madola a ku America 1,200 kuti akagulitse, adzabweza. Ndinadula matabwa ndi ndalama yanga, nsalu ndi ndalama yanga, anyamata ondithandiza ndinawalipira. Kenaka kunabwera za RTGS zija, ndalama yatsopano ya dziko lino. Munthu uja anadikira mpaka ndalama itagwa, n'kunditumizira pa foni 1,200 ya RTGS, ati tathana, boma latero. Ndalama imeneyo sinakwane ngakhale nsalu ya sofa imodzi. Mpaka lero timakumana pamaliro, amandipatsa moni ndi manja awiri. Ndiye loja wanuyo musamupange Satana. Mwina nayenso ndi mwana wa munthu yemwe akufuna kumanga kwawo.

Limbani (Waterfalls): Zimene akunena bambo a Kondwani zinagwera anthu ambiri. Linali lamulo lotchedwa SI 33 la February 2019, lomwe linati ngongole zakale za madola a ku America ziwerengedwe dola imodzi pa RTGS imodzi. Mu January 2020 Supreme Court inagamula kuti zilidi choncho. Pofika nthawi imeneyo RTGS inali itagwa kale kwambiri. Okongola anapuma, okongoza analira.

Che Yusufu (Mabvuku): Ndipo aka sikanali koyamba. Mu 2008 munthu umakongola ndalama yogula mbuzi, pobweza siigula ndi machesi omwe. Tinagwira pepala la 100 trillion m'manja muno. Kenaka madola a ku America mu 2009, mabondi mu 2016, RTGS mu 2019, ZiG mu April 2024. Munthu wa zaka 30 muno waona mitundu ya ndalama yambiri kuposa agogo ake a ku Mangochi. Nchifukwa chake ngongole ya mu Harare siyamba ndi funso loti zingati, imayamba ndi loti za mtundu wanji. Sewero lanu likasowa mkangano umenewo ndiye kuti si la muno.

Tiyamike (Mufakose): Che Yusufu mwatipatsa chigawo chathunthu! Bambo akufuna kubweza mu ZiG pa mtengo wa kubanki, loja akufuna madola enieni, ndipo pepala la madola 10 lomwe bambo apeza ndi long'ambika pakona, wa kombi analikana, wa tuckshop analikana, lakhala likuzungulira m'nyumbamo mwezi wathunthu, aliyense kubwezera nalo mnzake.

Chisomo (Glen Norah): Hahaha pepala limenelo lili m'chikwama mwanga panopa.

Che Yusufu (Mabvuku): Ndiwonjezere kamodzi. Kwa ife Asilamu chiwongoladzanja n'choletsedwa, kulandira ngakhale kupereka. Komabe mavuto akafika ena amapita usiku kwa wakatapila yemweyo, manyazi ake kawiri. Mukafuna kuika munthu wa kumzikiti m'sewero mundifunse kaye, musangomuveka kofia n'kumuyankhulitsa Chiyao chabodza.

Dalitso (Budiriro): Tidzabwera ku Mabvuku tisanalembe mzere ndi umodzi womwe, bambo.

Mayi Nkhoma (Kuwadzana): Bambo wa m'seweroyo mumupatsenso bilu ya khonsolo. Mukukumbukira 2013, chisankho chitayandikira, nduna Ignatius Chombo inalamula makhonsolo kuti afufute ngongole za madzi ndi malo zomwe anthu anali nazo kuyambira 2009? Amene ankalipira mokhulupirika mwezi ndi mwezi anadziona ngati opusa. Kuchokera pamenepo pali azibambo amene bilu ikabwera amangoipinda n'kuika pansi pa nsalu ya pa TV, ati tidikire chisankho. Papita 2018, papita 2023, iwo akadali kudikira, nambala ikungokwera.

Bambo a Kondwani (Dzivarasekwa): Amayi Nkhoma, ndipo madzi akewo pampopi satuluka, timakatunga pa mjigo. Munthu umalipira bwanji ndi mtima umodzi?

Mayi Nkhoma (Kuwadzana): Zoona bambo, koma nyumba ikamadzasinthidwa dzina mwini atamwalira, ana ndi amene amaipeza ngongoleyo itakhala pakhomo. Ine kusukulu ndimaona mbali ya ana. Mwana amadziwa zonse. Amadziwa kuti akagogoda bambo wa chipewa uja ayankhe kuti amayi kulibe, amayi ali kuseri kwa chitseko. Timawaphunzitsa bodza ali ndi zaka zisanu, kenaka tidzadabwe atakula akutibisira zawo. Tiyamike, m'banja lanulo mulibe mwana wamng'ono?

Tiyamike (Mufakose): Munalibe, amayi. Tsopano alowa. Mdzukulu, mwana wa achemwali a ku Cape Town, yemwe aliyense amamutuma kukanama, ndipo ndi yekhayo amene akudziwa ngongole zonse zinayi.

Anabanda (Highfield): Ameneyo ndiye adzatilize.

Agogo Phiri (Mbare): Ndakhala ndikumvetsera, mdzukulu akundiwerengera. Pali ngongole imodzi simunaitchule, ndipo ndiyo yatha mabanja athu muno kuposa magalimoto ndi masofa. Maliro. Munthu wakhala ku Matapi zaka 50, pomwalira anena kuti mukandiike kwathu ku Ntcheu. Ana sanapondeko ku Ntcheu. Ayambe kuthamanga ndi mapepala, bokosi, galimoto yodutsa Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza, chakudya cha anamalira kuno ndi uko. Pobwerako ali ndi ngongole ya zaka zitatu, ndipo abale ayamba kulozana zala kuti uje sanasonkhe. Masosaiti a maliro amene makolo anu tinayambitsa m'makomboni ndi m'migodi tinayambitsira zimenezi, kuti Mmalawi asaikidwe ngati galu kudziko la eni. Lero achinyamata salowa, ati n'zachikale, kenaka zikagwa athamangire kwa wakatapila.

Agogo Phiri (Mbare): Sindinasinthe maganizo onse. Ndikuopabe. Koma ngati mujambula, ikanimo zimenezo. Ndipo bamboyo musamuchotse ulemu. Ndikuwadziwa amuna amene ankavala jekete kupita kopanda ntchito. Sankanama chifukwa chokonda bodza. Anachoka kwawo atalonjeza kuti akabwera ndi njinga ndi malata, ndiye kunena kuti ndalephera kunali kolemera kuposa njala. Ena anasanduka matchona chifukwa cha manyazi omwewo, osalembanso kalata kumudzi mpaka imfa.

Tiyamike (Mufakose): Agogo, mawu amenewa ndawasunga. Bamboyo ndimamukonda kuposa onse m'seweromo. Pali chigawo chomwe ali pa benchi paja, akutsegula kabokosi ka chakudya komwe mayi amuphikira kuti akadye kuntchito, mbatata ziwiri ndi dzira, ndipo akudziwa kuti dziralo mayi adzimana okha. Akulephera kulidya, akumupatsa mwana wa wometa uja. Pamenepo sitiikapo nthabwala.

Chisomo (Glen Norah): Inenso ndiponyepo za mwana wa kunjayo, chifukwa ine ndili mbali ziwiri. Kuno ndimaluka tsitsi, kumudzi ku Kasungu amandiyesa bwana chifukwa ndimagwira madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mafoni anachuluka: feteleza, fizi, chimanga, denga ladontha. Ukanena kuti ndilibe amati watukuka wayamba kunyada. Ndiye umakongola kuno kuti utumize uko, iwo n'kumakutamanda kutchalitchi. Mtsikana wa ku Cape Town uja musangomuonetsa pa foni akumwetulira. Muonetseni akadula foniyo.

Dalitso (Budiriro): Achemwali, gawo limenelo mungasewere ndinu? Tidzajambulira m'chipinda chilichonse, bola pazenera pasaoneke kuti ndi Glen Norah.

Chisomo (Glen Norah): Ndivomera, koma amuna anga ndiyambe ndawauza.

Limbani (Waterfalls): Funso langa ndi la chiyankhulo. Mukalemba Chichewa chokhachokha cha ku Dowa, ana obadwira muno sadzamva zonse, ndipo a TV adzati oonera ndi ochepa. Mukachulutsa Chishona, a kumudzi pa YouTube adzatsalira.

Tiyamike (Mufakose): Tilemba momwe timayankhulira kunyumba, achimwene. Bambo, mayi ndi malume Chichewa. Ana amayankha m'Chishona, akapsa mtima Chingerezi. Mdzukulu amasakaniza zonse. Pansi tidzaika mawu olembedwa. Malume akafuna kunena loja ali pomwepo amathawira m'miyambi, osadziwa kuti agogo ake a lojayo anali a ku Nkhotakota ndipo akumva zonse.

Bambo a Kondwani (Dzivarasekwa): Basi, ndiye loja nayenso ndi wathu! Pamenepo mtima wanga wakhala pansi.

Che Yusufu (Mabvuku): Nanga mathero ake? Musadzachite zoti bambo wapambana lotale kapena wapeza golide ku Mazowe. Anthu atopa nazo.

Tiyamike (Mufakose): Ayi, ngongole siitha m'gawo loyambali. Chigawo chomaliza magetsi azima, onse ali pabalaza ndi kandulo, mdzukulu akuwerenga mokweza kope la loja lomwe walitola, akuyesa ndi homuweki ya masamu. Dzina ndi dzina, ndalama ndi ndalama, chikole TV, chikole TV, chikole TV. Zotsatira zake tikukanganabe ndi achimwene Dalitso. Iwo akufuna ndewu, ine ndikufuna mayi ayambe kuseka mpaka misozi, kenaka atenge pensulo awonkhetse zonse pamodzi koyamba.

Anabanda (Highfield): Zonse ziwiri zimachitika. Ayambe akangana, mbale imodzi isweke, kenaka awonkhetse. Mayi wachimalawi sangamve kuti bambo miyezi yonseyi amakakhala kwa wometa n'kungoseka. Ndipo za chipeleganyu akaulule yekha kwa amayi anzake asanamugwire. Ndakhala m'magulu amenewa zaka zambiri, woulula yekha timamupatsa miyezi yoti abweze pang'onopang'ono, wogwidwa ndi amene timamuchotsa.

Mayi Nkhoma (Kuwadzana): Funso lomwe palibe wafunsa: ndalama zojambulira muzitenga kuti? Musadzatenge katapila kuti mujambule sewero la katapila, ndikunena zoona ana inu.

Dalitso (Budiriro): Sitikongola, amayi. Mafoni awiri abwino tili nawo, maikolofoni tibwereka ku kwaya, osewera onse ndi ongodzipereka. Chomwe chikusowa ndi nyumba yojambuliramo Loweruka ndi Lamlungu masana, galimoto yakufa, ndi chakudya cha anthu khumi ndi awiri.

Bambo a Kondwani (Dzivarasekwa): Galimoto yakufa ili kwa mlamu wanga, matayala anagulitsidwa kale, nkhuku mubweretse zanu. Sofa yakale ndi tebulo ndikupatsani ine, mudzabweze.

Anabanda (Highfield): Jekete la bambo ndi zovala za onse mudzasankhe pa tebulo langa. Ufa ndi kapenta za Loweruka loyamba ndi zanga. Nyumba yanga ayi, ili ndi maloja enieni, angadzaganize kuti tikuwanena.

Agogo Phiri (Mbare): Musanajambule mubwere mudzandiwerengere zigawo zonse, ine ndi akuluakulu awiri a sosaiti. Pomwe pali chipongwe tidzanena, pomwe pali bwino tidzanenanso. Ndipo chigawo cha maliro a ku Ntcheu ndidzakufotokozerani ndekha mmene zimayendera pa Nyamapanda, musalembe zongomva.

Tiyamike (Mufakose): Tibwera Loweruka likudzali, agogo, 2 koloko, ine ndi achimwene Dalitso ndi achimwene Limbani ngati apeza mpata. Tidzatenga makope atatu osindikiza ndi zilembo zikuluzikulu.

Limbani (Waterfalls): Ndipezeka. Ndidzabweretsa chitsanzo cha samani yeniyeni, mayina nditafufuta, kuti pepala la m'sewero lidzaoneke ngati la kukhoti.

Che Yusufu (Mabvuku): Za nyumba, ya malemu achimwene anga ku Tafara ili ndi zipinda zinayi ndi kachipinda kakuseri, mukukhala mwana wawo yekha. Ndimufunsa usiku uno. Koma magetsi kumeneko amapita m'mawa kubwera usiku, ndiye wina apezeretu sola kapena jenereta yotchajira mafoniwo.